Njerwa za ku Mbombwe: Moyo wa John Chilembwe

Mukatulutsa ndalama ya K500 kapena ya K2,000 m'thumba, nkhope imene mumaionayo ndi ya Mbusa John Chilembwe. Pa 15 Januwale chaka chilichonse sitilowa m'kalasi chifukwa dziko lonse limakhala likuwakumbukira. Koma mutafunsa ophunzira a Fomu 2 kuti munthuyu adachita chiyani, pafupifupi onse angayankhe mofanana, kuti adaukira atsamunda mu 1915. Yankholi ndi loona, komatu kuukirako sikudathe ngakhale milungu iwiri. Zaka 15 za m'mbuyo mwake, kuyambira 1900 mpaka 1915, a Chilembwe adali kuumba njerwa, kubzala thonje, kutsegula sukulu ndi kusonkhanitsa amalonda anzawo, m'dziko limene malamulo ake sankafuna kuti munthu wakuda atukuke.

Nkhani ya zaka 15 zimenezi ndi imene tikambe m'kope lino. Ambiri mwa inu mukadzalemba mayeso a MSCE mudzabwerera kwanu ku Bawi, ku Kasinje, ku Bilira kapena ku Tsangano mulibe mpamba m'manja. Malo a kuyunivesite ndi ochepa, ndipo ntchito zolembedwa n'zosowa. Choncho funso lakuti munthu amayambira pati zinthu zikathina si la m'buku la mbiri yakale lokha. Ndi funso limene mudzakumana nalo posachedwapa, ndipo moyo wa a Chilembwe uli ndi zambiri zotiuza pa funsoli, zolimbikitsa ndi zochenjeza zomwe.

Ubwana m'nthawi ya chipwirikiti

A Chilembwe adabadwa cha m'ma 1871 ku Sangano, m'boma la Chiradzulu. Bambo awo adali Myao, ndipo mayi awo, a Nyangu, adali Mmang'anja. Idali nthawi yovuta zedi. Malonda a akapolo adali asadathe, nkhondo zinkabuka kawirikawiri, ndipo midzi yambiri inkathawira m'mapiri. Banja lawo lidasamukira ku Chilomoni, kufupi ndi mishoni ya Blantyre imene amishonale a ku Scotland adatsegula mu 1876. Kumeneko mnyamatayo adaphunzira kuwerenga, kulemba ndi Chingerezi chapang'ono. Maphunziro ake pa nthawiyo sadapite patali.

Mu 1891 Britain idalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwake, ndipo Harry Johnston ndiye adaikidwa kukhala wolamulira. M'zaka zochepa, malo ambiri achonde ozungulira Blantyre, Zomba, Thyolo ndi Mulanje adalembedwa m'maina a azungu ndi makampani awo. Ena mwa malowa adatengedwa kwa mafumu posinthanitsa ndi nsalu, mikanda ndi timphatso tina tosafanana n'komwe ndi mtengo wa nthakayo. Kenaka kudabwera msonkho wa nyumba, ndipo anthu amene ankangodalira kumunda adayenera kupeza ndalama chaka ndi chaka. Amene adayesa kukana adaona zakuda. Kuno kwathu ku Ntcheu, Inkosi Gomani Chikuse adaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896.

Tangoganizani za mnyamata wa zaka pafupifupi 20 m'dziko lotere. Sukulu yake ndi yochepa, malo alibe, ndalama alibe. Zimene zidali patsogolo pake zidali kusenza katundu wa azungu ngati mtengatenga, kulima pa esiteti, kapena kugwira ntchito ya m'nyumba. Iye adalowa ya m'nyumba.

Sukulu ya kukhitchini

Mu 1892 kudafika Mngelezi wina dzina lake Joseph Booth, kuchokera ku Australia kumene adachitako bizinesi. Booth adali mmishonale wosiyana ndi anzake. Iye ankakhulupirira kuti mishoni isamangodikira ndalama zochokera kunja, koma izilima mbewu zogulitsa monga khofi, izipeza phindu, ndipo phindulo lizitsegulira malo ena atsopano. Adayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, kufupi ndi Blantyre. Nthambi za mishoni imeneyi zidafika mpaka kuno ku Ntcheu, ku Dombole, ku Ntonda ndi ku Chiole. Mishoni ya ku Gowa nayo idayamba chifukwa cha khama la munthu yemweyu.

A Chilembwe adalembedwa ntchito yophika ndi kusamala pakhomo pa Booth. Pamene mwana wamkazi wa Booth, Emily, ankadwala bambo ake ali pa ulendo, a Chilembwe ndiwo ankamuyang'anira, ndipo banjalo lidayamba kuwakhulupirira. Posakhalitsa adasanduka womasulira komanso mnzake wa Booth pa maulendo. Adabatizidwa mu 1893.

Ntchito imene ena akadainyoza idakhala sukulu yawo yachiwiri. Pa zaka zisanu adaona ndi maso momwe malo amagulidwira, momwe nazale ya khofi imasamalidwira, momwe antchito amalembedwera ndi kulipidwa, ndi momwe makalata opempha thandizo amalembedwera. Adaonanso zolakwa za bwana wawo. Booth ankayamba zinthu zambiri nthawi imodzi, ankakangana ndi omuthandiza, ndipo kawirikawiri ankachoka ntchito isadakhazikike. Booth yemweyo ndiye ankalipira antchito ndalama zoposa zimene azungu ena ankapereka, ndipo ankanena poyera kuti Africa ndi ya Aafrika. Maganizo amenewa adawalemba m'buku lake la 1897 lotchedwa Africa for the African. M'chaka chomwecho adanyamuka ndi a Chilembwe kupita ku United States of America.

Zimene adaona ku America

Ukapolo ku America udatha mu 1865, koma pamene a Chilembwe ankafika, tsankho lidali litakhazikika m'malamulo a zigawo za kummwera. Munthu wakuda sankaloledwa m'sukulu, m'mahotela ndi m'malo ambiri a azungu. Mzungu ndi munthu wakuda akamayendera limodzi ngati anzawo, monga ankachitira Booth ndi a Chilembwe, ankanyozedwa m'misewu.

Komabe chimene chidawagwira mtima chidali momwe anthu akuda a kumeneko adayankhira tsankholo. Popeza ankakanizidwa m'sukulu za azungu, adamanga zawo. Popeza mabanki sankawalabadira, adatsegula awo. Mumzinda wa Richmond, m'chigawo cha Virginia, banki ya True Reformers, ya anthu akuda okhaokha, idalandira chilolezo mu 1888. Adali ndi manyuzipepala awo, masitolo awo ndi magulu awo othandizana pa matenda ndi pa maliro. Mtsogoleri wa nthambi yotumiza amishonale ya National Baptist Convention, Lewis G. Jordan, adatenga udindo wothandiza a Chilembwe, ndipo adawapezera malo pa Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg. Sukuluyi inkayendetsedwa ndi anthu akuda, ndipo mkulu wake adali Gregory Hayes.

M'zaka zimenezo dzina la Booker T. Washington lidali pakamwa pa aliyense. Washington adabadwa ali kapolo, ndipo mu 1881 adayambitsa sukulu ya Tuskegee ku Alabama m'kanyumba kakutha ndi m'tchalitchi chobwereka. Popeza padalibe ndalama zogulira njerwa, ophunzira adayamba kuumba okha. Uvuni woyamba udalephereka, wachiwiri chimodzimodzi, wachitatunso. Washington adapinyolitsa wotchi yake kuti apeze ndalama zoyesera kachinayi, ndipo ulendo umenewo njerwa zidapsa bwino. Patapita nthawi sukuluyo idayamba kugulitsa njerwa kwa anthu a m'deralo, azungu omwe. Maganizo akuti maphunziro a m'buku aziyendera limodzi ndi luso la manja adali ponseponse pakati pa anthu amene a Chilembwe ankakhala nawo, ndipo adabwerera nawo kumudzi mu 1900.

Maekala 93

Atafika, adagula malo okwana maekala 93 ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, n'kuyambitsa Providence Industrial Mission, imene ambiri timangoitchula kuti PIM. Kuti timvetse kuchepa kwa malowa, tiyerekeze ndi oyandikana nawo. Kampani ya A. L. Bruce Estates idali ndi maekala pafupifupi 169,000, ambiri mwa iwo ku Magomero. Mishoni za azungu zidali ndi mipingo yolemera kwawo imene inkatumiza ndalama, madokotala ndi amisiri. A Chilembwe ankadalira zopereka za anthu akuda a ku America, amene ambiri mwa iwo adali osauka, ndipo ndalamazo zinkabwera mwa apo ndi apo.

Adayamba ndi nyumba za udzu. Mu 1901 kudafika Landon Cheek, ndipo mu 1902 kudafika Emma DeLany, onse anthu akuda a ku America. DeLany adali ataphunzira za unamwino ndi za uphunzitsi. Pamodzi adayamba kusintha maonekedwe a malowo. Dothi lidalipo, madzi adalipo, nkhuni zidalipo, ndipo manja a ophunzira adalipo. Zimenezi n'zimene zimafunika pa njerwa. Adakumba nkhuti, kuponda dothi, kuumba ndi zikombole, kuwotcha, n'kuyamba kumanga nyumba zolimba popanda kulipira kontalakitala wachizungu. Mnyamata amene waumba ndi kumanga nawo ankachoka pamenepo ali ndi luso loti akhoza kudyera moyo wake wonse.

Kwa amayi ndi atsikana kudatsegulidwa kalasi yosoka, imene DeLany adayambitsa ndipo mayi Ida Chilembwe, akazi awo a mbusayo, adaipitiriza. Nsalu ndi zovala zambiri pa nthawiyo zinkachokera kunja, ndipo zosokasoka zidali zodula. Mayi wodziwa kudula ndi kusoka ankaveka banja lake pa mtengo wochepa, komanso ankatha kusokera ena n'kupeza kangachepe. A Chilembwe ankalimbikira kwambiri za ukhondo, kuvala bwino ndi kupewa mowa. M'dziko limene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu pa msewu, kuoneka bwino idali njira yosonyeza kuti iwonso ndi anthu olemekezeka. Zithunzi zimene zidajambulidwa ku Mbombwe zikuonetsa abambo ovala masuti ndi amayi ovala madiresi ataliatali osokedwa bwino.

Kumunda nako kudali mayeso. A Chilembwe adabwera m'nthawi imene khofi, mbewu imene Booth ankaidalira, idayamba kulowa pansi. Dziko la Brazil lidadzaza msika wa dziko lonse ndi khofi wotchipa, ndipo kuno tizilombo ndi ng'amba zidaononga minda yambiri. Azungu ambiri adasiya khofi n'kuyamba thonje ndi fodya. Ku Mbombwe sadadalire mbewu imodzi. Adayesa thonje, khofi ndi tiyi, kuwonjezera pa chakudya chodyetsa ophunzira. Kutumiza zokolola kunja kudali kodula chifukwa njanji idafika ku Blantyre mu 1908. Isadafike, katundu ankayenda pamitu ya anthu mpaka ku mtsinje wa Shire, kumene ankakwezedwa m'sitima zapamadzi.

Pofika 1906 Cheek ndi DeLany adali atabwerera kwawo, ndipo a Chilembwe adatsala okha pa utsogoleri. Ambiri akadayembekezera kuti ntchitoyo ithera pomwepo. Koma iwo adadalira aphunzitsi amene adawaphunzitsa okha, n'kuwatumiza kukatsegula sukulu m'midzi. Kumbukirani kuti boma la atsamunda lidalibe sukulu ya ana achikuda ngakhale imodzi, ndipo dipatimenti ya maphunziro idadzakhazikitsidwa mu 1926. Pofika 1912, PIM idali ndi sukulu zisanu ndi ziwiri, ana pafupifupi 1,000 ndi akuluakulu ophunzira pafupifupi 800. Pakati pa 1911 ndi 1913 adamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa chokhala ndi nsanja, chimene chinkapikisana ndi nyumba za amishonale achizungu. Chidamangidwa ndi anthu amene atsamunda ankawayesa oyenera khasu ndi mtolo basi.

Amalonda agwirana manja

A Chilembwe sadali okha pa maganizo odzidalira. M'madera ozungulira Blantyre ndi Chiradzulu mudali kagulu ka anthu akuda amene adaphunzira ku mishoni, n'kusunga timalipiro tawo mpaka kugula malo kapena kutsegula sitolo. John Gray Kufa adaphunzira za chipatala ku mishoni ya Blantyre, ndipo adagula maekala 140 ku Nsoni. Duncan Njilima adali ndi masitolo ndi munda, ndipo ana ake awiri, Frederick ndi Matthew, adapita kukaphunzira ku America. Joseph Bismarck adali ndi munda waukulu wa mbewu zogulitsa. Peter Mlelemba, amene ankadziwikanso kuti Haya Edward Peters, ankachita malonda a matabwa.

Anthu amenewa ankakumana ndi zopinga zofanana. Ngongole yoyambira kapena kukulitsira bizinesi idali yovuta kuipeza. Katundu wa pikulitsa adali m'manja mwa makampani akuluakulu monga African Lakes Corporation, imene timaidziwa kuti Mandala, ndipo masitolo ambiri a m'matauni adali a amalonda ochokera ku India amene adali ndi abale owapatsa katundu pa ngongole. Ngakhale msonkho udakonzedwa mokomera azungu. Kuyambira 1901 msonkho wa nyumba udali masheleni 6, koma amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankalipira masheleni 3 okha. Mu 1912 udakwera kufika pa masheleni 8, ndipo wogwira kwa mzungu ankalipira 4. Apa n'zoonekeratu kumene munthu wofuna ganyu akadathamangira. Mlimi wachikuda wofuna antchito ankapikisana ndi esiteti ya mzungu komanso ndi lamulo la boma.

Yankho lawo lidali kugwirana manja. Mu 1909 a Chilembwe ndi amalonda anzawo adakhazikitsa bungwe la Natives Industrial Union. Cholinga chidali chakuti alimi ndi amalonda achikuda azisonkha ndalama, azithandizana pa malonda, ndipo azilankhula ndi mawu amodzi pa zowavuta. Mutu umodzi susenza denga. Bungweli silidakhalitse, chifukwa mamembala ake adali ochepa ndipo ndalama zawo zidali zosakwanira. Koma maganizo ake ndi omwewo amene lero tikuwaona m'mabanki a m'khonde, m'makopaletivu a alimi ndi m'ma SACCO. Anthu amene banki idawakana adaganiza zokhala banki ya iwo eni, zaka zoposa 100 zapitazo.

Pamene katundu adalemera koposa

Tikadalekera pamenepa, nkhaniyi ikadakhala yokoma koma yosakwanira. Si mavuto onse amene munthu angawasandutse mwayi, ndipo zaka zomaliza za a Chilembwe zikutiphunzitsa zimenezi.

Mu 1912 ndi 1913 mvula idavuta ndipo kudagwa njala. Anthu ambiri a mtundu wa Alomwe ankalowa m'dziko lino kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, ndipo posowa malo ankakhala pa maesiteti a azungu. Kumeneko ankalipira lendi ndi thukuta lawo, mchitidwe umene unkatchedwa thangata. Mawu amene kale ankatanthauza kuthandizana pakati pa achibale ndi anansi adasanduka dzina la ntchito yokakamiza. Pa esiteti ya Bruce ku Magomero, imene woyang'anira wake adali William Jervis Livingstone, miyezi ya thangata inkatalikitsidwa, malipiro ankachedwa kapena kudulidwa, ndipo chikoti chinkagwira ntchito. Ambiri mwa ozunzikawa adali anthu a PIM. Eni esiteti sankafuna sukulu pa malo awo, ndipo nyumba za udzu zimene anthu a PIM adamanga kuti azipempheramo ndi kuphunziriramo zidatenthedwa.

Pa nthawi yomweyo a Chilembwe adali m'ngongole. Ntchito yomanga idadya ndalama zambiri, anthu anjala sakadatha kusonkha, ndipo thandizo la ku America lidachepa. Matenda a mphumu adawavutitsa, maso adayamba kufooka, ndipo mwana wawo wamkazi adamwalira. Kenaka mu 1914 kudabuka nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pa 9 Sepitembala chaka chimenecho asilikali a Britain ndi a Germany adamenyana ku Karonga, ndipo ambiri mwa akufa mbali zonse ziwiri adali anthu akuda. Mu Novembala a Chilembwe adalemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo imene si yawo, pamene pa nthawi ya mtendere sawerengedwa ngati anthu. Boma lidaletsa kuti kalatayo ifalitsidwe.

Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915, anthu awo adaukira. Ku esiteti ya Bruce adapha azungu atatu, Livingstone, Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson, koma akazi ndi ana a azunguwo sadawavulaze. Gulu lina lidapita kukathyola nyumba yosungira mfuti ya Mandala ku Blantyre, koma lidangopeza mfuti zochepa. Kuno ku Ntcheu, Filipo Chinyama adasonkhanitsa anthu kuti akalande boma, koma akuluakulu a boma adali atamva kale, ndipo iye adagwidwa n'kuphedwa. Pa 3 Febuluwale a Chilembwe adawomberedwa ndi apolisi m'dera la Mulanje, akulowera kumalire a Mozambique. Asilikali adaphulitsa tchalitchi cha njerwa chija ndi mabomba. Anthu makumi angapo adanyongedwa kapena kuwomberedwa ataweruzidwa mwachangu, ndipo pafupifupi 300 adatsekeredwa m'ndende. Pakati pa ophedwawo padali Kufa ndi Njilima. M'milungu yochepa dziko lidataya ena mwa alimi ndi amalonda achikuda otsogola kwambiri a nthawi imeneyo.

Anthu a mbiri yakale amatsutsanabe ngati kuukirako kudali ndi mwayi wopambana. Chimene chikuoneka poyera n'chakuti amene adatsogolera sadali anthu osowa chochita. Adali anthu amene adayesa sukulu, ulimi, sitolo, bungwe ndi kalata, ndipo paliponse adapeza lamulo kapena bwana atawatchingira.

Zimene mabomba sadagwetse

PIM idatsekedwa zaka 11. Koma padali mnyamata wina, Daniel Sharpe Malikebu, amene adaphunzira ku Mbombwe m'manja mwa Emma DeLany. Mphunzitsi wakeyo atabwerera ku America, iye adamulondola. Adayenda pansi mpaka ku Beira, n'kugwira ntchito m'sitima yapamadzi kuti awoloke nyanja. Mu 1917 adamaliza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College, n'kukhala Mmalawi woyamba kufika pamenepo. Atsamunda adayamba amukaniza kukhazikika kwawo, koma mu 1926 adamulola, ndipo adatsegulanso PIM. Adamanga tchalitchi china pafupi ndi mabwinja a choyamba, ndipo mpaka lero ku PIM kuli sukulu ndi chipatala. Nyumba idagwa, koma munthu amene adaphunzitsidwa adabwerera kudzamanga ina. Mwa zonse zimene a Chilembwe adaikamo ndalama ndi mphamvu zawo, maphunziro a ana ndiwo adabweza phindu lokhalitsa.

Nanga ife a ku Ntcheu titolepo chiyani? Choyamba, a Chilembwe adayamba ndi zimene zidali pafupi: dothi, madzi, manja ndi singano. Ifenso tili nazo zathu. Aliyense wodutsa pa Lizulu kapena pa Tsangano Turn-off amaona milu ya mbatata ya kachewere, kabichi, tomato, anyezi ndi karoti. Amaonanso momwe mitengo imagwera zokolola zikachuluka, mpaka tomato kuolera m'madengu. Wophunzira amene wamvetsa Agriculture, Chemistry ndi masamu ayenera kudzifunsa momwe zokololazi zingasungidwire, kuumitsidwa, kusankhidwa bwino kapena kufikitsidwa kwa ogula a ku Lilongwe ndi ku Blantyre mlimi osaberedwa. Lamya ya m'manja imene ambiri timangochezerapo ingathe kukuuzani mtengo wa kumsika musadakweze thumba pa galimoto.

Chachiwiri, musanyoze poyambira. Munthu amene nkhope yake ili pa ndalama zathu adayambira kukhitchini, ndipo adaphunzira kumeneko chifukwa adali ndi maso ndi makutu. Amene mudzagwire ntchito m'golosale ya amalume, m'galaja kapena kwa telala, dziwani kumene katundu amagulidwa, momwe mtengo umaikidwira ndi chimene chimabweza kasitomala mawa.

Chachitatu, zimene zidathandiza dzulo sizingakhale yankho la lero nthawi zonse. Khofi atagwa mtengo, ku Mbombwe adayesa mbewu zina. M'nthawi yawo nkhuni zowotchera njerwa zidali mbwee, koma lero mapiri athu ayera, ndipo womanga wanzeru akuphunzira kuumba mabuloko a simenti. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza ndi katundu yense wochokera kunja adakwera mtengo. Zimenezi zapweteka mabanja athu, komanso zapatsa msika amene akudziwa kupanga manyowa abwino, sopo, mafuta a mpendadzuwa kapena mipando kuno komwe.

Chachinayi, samalani ndi ngongole, ndipo musayende nokha. Ngongole zidawalemera a Chilembwe pamene njala idagwa ndi thandizo lakunja litachepa. Lembani zolowa ndi zotuluka ngakhale bizinesi yanu ndi ya mandasi, ndipo musamange chachikulu kuposa chimene thumba lanu lingapirire chaka choipa. Pezani anzanu okhulupirika oti muzisonkha nawo, kugula nawo ndi kugulitsa nawo.

Chomaliza n'chakuti umphawi si chinthu chabwino, ndipo tisamauze munthu wanjala kuti njala yake ndi mwayi. Mavuto adanola nzeru za a Chilembwe, koma malamulo opondereza ndiwo adaphwanya zimene nzeruzo zidamanga. Ena mwa inu mudzakhala makhansala, aphungu, mafumu, oyang'anira misika kapena ogwira ntchito m'mabanki. Mukadzafika pamenepo, mudzakumbukire mlimi wa maekala 93 amene adali pafupi ndi kampani ya maekala 169,000, ndipo mudzaonetsetse kuti wamng'ono amene akuyesetsa akupeza malo pamsika, ngongole yoyenera ndi sikelo yosabera.

Tchuthi chikubwerachi, yendani m'mudzi mwanu ndi kope m'manja. Lembani zinthu zitatu zimene anthu amakagula kutali pamene zikhoza kupangidwa pomwepo, ndi zinthu zitatu zimene zimangoonongeka popanda wozigwiritsa ntchito. Tikadzatsegulira teremu, mudzabwere nazo kwa aphunzitsi anu kuti tidzakambirane.